Dzina limene a Daka anandisiyira

Sabata yatha chinakwana chaka chiwaikire a Daka m'manda. Anthu a kumpingo kwathu anasonkhana mu holo ya sukulu imene timapempherera ku Barking, anaimba, anadya, wina n'kuimirira kunena kuti malemuwo anali munthu wopanda mdani. Ine ndinangoyang'ana pansi. Mdani anali naye, ndipo anakhala pampando wachitatu kuchokera kukhomo, atamanga duku lakuda. Ndi ineyo.

Sanandipemphe kuti ndilankhule, ndipo akanandipempha ndikanakana, chifukwa pachikumbutso anthu amanama mogwirizana. Ndiye ndati ndilembe ndekha zimene ndinaona. Ine sindinena zomva. Zaka zitatu munthu ameneyu anagona m'nyumba ya mwana wanga ku Thamesmead, m'kachipinda ka pamwamba pa masitepe, ndipo zaka zitatu zonsezo diso langa silinamuchoke.

A Daka kwawo kunali ku Chipata, ku Zambia. Ali mnyamata, boma lawo linawatumiza ku Jeremani kukaphunzira kukonza makina osindikizira mabuku. Kufakitale kumeneko kunali mkulu wina wachijeremani amene anawapatsa buku la nyimbo zakalekale, za zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo, m'chijeremani chimene ngakhale eni akewo masiku ano amachimva movutikira. Makina aja a Daka anawaiwala. Bukulo sanaliiwale. Atabwera ku London anagwira ntchito yokankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha ku Edmonton mpaka anapuma. Sanakwatirepo, sanakhalepo ndi khomo lawolawo. Ankangokhala m'zipinda za anthu, kuno zaka ziwiri, uko zinayi, sutikesi imodzi ndi jumbo ya makope.

Kwathu anawabweretsa ndi Tadala, mwana wanga, amene ndi namwino ndipo anagwira nawo ntchito kuchipatala kuja. Nthawi imeneyo mkamwini wanga, bambo a Pemphero, ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Leeds, kubwera kamodzi pamwezi. Ine ndinali nditabwera kuchokera kumudzi kudzalera mdzukulu. Ndinamuuza Tadala tsiku loyamba lomwe kuti mwamuna wopanda mkazi pa msinkhu umenewu ali ndi nkhani, ndipo nyumba imene mwini wake ali kutali sasungiramo mwamuna wina, kaya akhale ndi imvi mpaka m'makutu. Iye anaseka. Anati, "Amayi, a Daka ndi agogo. Inu mumakayikira ngakhale a positi." Zoona, a positi ndimawakayikira.

Chimene chinayamba kundidetsa nkhawa ndi kuimirira kwawo. Mkazi aliyense akalowa m'chipinda, a Daka ankaimirira. Tadala akachokera ku shifiti, anaimirira. Ine ndikalowa ndi ndowa yokolopera, anaimirira. Ngakhale Pemphero, kamtsikana ka sitandade fayifi, ankakaimirira, iko n'kumaseka, kumayankha m'chingerezi. Mwamuna wakwathu akaimirira mkazi, pali chimene akufuna. Ndinadikira kuti ndione chimene akufuna. Ankadya atavala tayi. Ankasita mipango ya m'thumba mmodzimmodzi Loweruka m'mawa. Pa mabasi osanjikizana a kuno ankakwera pamwamba, mpando wakutsogolo, kope pabondo, kumatembenuza nyimbo zija kuziika m'chinyanja chawo, ndipo kangapo anapitirira pamalo potsikira mpaka basi inafika kumapeto. Madzi a mu Thames akaphwera, ankayenda pakhoma la m'mbali mwa mtsinje, manja kumbuyo, akung'ung'udza. Ndinawatsatirapo kawiri. Sanakumane ndi munthu. Anangoponyera mbalame nyenyeswa za buledi n'kubwerera.

Mwa oimba onse a m'bukumo, analipo mmodzi amene ankamutchula kuti mkulu wanga. Dzina lake lenileni ankalinena, koma limamveka ngati munthu watsamwa, sindiyesa kulilemba. Ankati za moyo wake sizidziwika zambiri: chithunzi chimodzi chojambula pamanja m'buku lakale, nyimbo zingapo, basi. Kumene anabadwira ophunzira amakangana mpaka lero. Chodziwika n'choti sanali mwini chuma. Ankayenda kuchoka kunyumba ya miyala ya mfumu iyi kupita ya mfumu iyo, kuimba patebulo pamene eni ake akudya. Akakondwera naye ankamupatsa chakudya, malo ogona pafupi ndi moto, mwina chovala chakutha cha bwana. Akatopa naye, ankanyamuka. N'chifukwa chake, a Daka ankatero, nyimbo zake zimadana kwambiri ndi nyengo yozizira: kwa munthu wopanda khomo, chisanu si nyengo, ndi chilango. Ine ndinawauza kuti ndamva, mukudzinena nokha. Sanakane.

Koma nyimbo zenizenizo ndi zimene tinkakanganirana. Zonse zinali za mkazi mmodzi, mkazi wapamwamba, mkazi wa mwini. Woimbayo amamukonda ali patali, amamutumikira zaka ndi zaka, salandira kanthu. Mkaziyo akangomupatsa moni, moni umenewo umamukwanira chaka. Ndipo panali lamulo limodzi losaphwanyika: dzina la mkaziyo silitchulidwa, ngakhale kwa mnzako wapamtima, chifukwa ukalitchula wamuvula ulemu. A Daka ankati chikondi chotere chimawongola mwamuna, chimamuphunzitsa kusamba, kulankhula bwino, kuugwira mtima, chifukwa akufuna kukhala woyenera munthu amene sadzamupeza. Ine ndinkati chimenecho ndi chigololo chovala tayi. Iwo ankati munthu akhoza kukonda osafuna kanthu. Ine ndinkati munthu wosafuna kanthu sindinamuonepo, ndipo ndakalamba.

Tsiku lina ndikusenda mbatata ndinawafunsa kuti, kodi mkaziyo anamufunsa ngati akufuna kuimbidwa? Tsiku lonselo sanang'ung'udze.

Anandiuzanso kuti m'nyimbo zimenezi mumakhala anthu ena otchedwa alonda: achibale ndi amayi achikulire amene ntchito yawo ndi kuyang'anira mkaziyo, kuona amene wamuyang'ana ndi amene wachedwa pomupatsa moni. Woimbayo amawatemberera pafupifupi m'nyimbo iliyonse. A Daka ankati ine ndinalembedwa m'buku ndisanabadwe. Kuyambira pamenepo sananditchulenso kuti amayi a Tadala. Ndinali aMlonda. "Mwauka bwanji, aMlonda? Muzi uli bwino?" Ndinkayankha kuti mudzi uli bwino malinga mukhale pomwe ndikukuonani.

Tsopano ndinene za jekete. Chisanu chachitatu chili pafupi, Tadala anaona kuti a Daka akuyendabe ndi kajekete ka suti kopyapyala. Anatulutsa jekete lalitali lotuwa la mwamuna wake, limene mwini wake anali atalisiya kalekale chifukwa linkamuthina m'mapewa, n'kuwapatsa. Sanamuuze mwamuna wake, chifukwa panalibe choti n'kunena. A Daka analilandira ndi manja awiri. Anati mkulu wawo uja akanaona jekete lotere akanapeka nyimbo zitatu. Ine ndinaona, ndinasunga.

Kumayambiriro kwa chaka chotsatira, mpingo unakonza phwando la masana, la banja lina limene linakwanitsa zaka zambiri muukwati. Holo inadzaza, a Malawi ndi a Zambia, ena atavala mayunifomu ochokera nawo ku ntchito. Wina anati a Daka atiimbireko zachijeremani zawo zija. Anakana kawiri, kachitatu anaimirira. Mu holomo hita inali itafa, ndiye anaimba atavala jekete lija. Anaimba m'chinyanja, mawu ang'ono koma oyera. Nyimboyo inkati chisanu chapha maluwa ndipo mbalame zatseka pakamwa, koma iye chimene chikumupweteka si chisanu. Pali mkazi wa mwini amene wamutumikira zaka zambiri, mkaziyo sadziwa. Amamuona akudutsa, amaweramitsa mutu. Alonda amuzinga. Dzina lake afa nalo.

Anthu anaomba m'manja. Kenako amayi anayamba kuyang'anana.

Apa ndi pamene a Daka, ndi kuphunzira kwawo konse, anaiwala kwawo. Kwathu nyimbo siimbidwa yopanda mwini. Mayi akaimba pamtondo za mkazi wosadziwa kuphika, mudzi wonse umadziwa khomo limene mawuwo akulowera. Akanaimba m'chijeremani, tikanati ndi zam'buku. Koma anaimba m'chilankhulo chathu, pamaso pa amuna ndi akazi awo, kuti mkazi wa mwini, ndiye aliyense anayamba kufufuza kuti wa yani. Sanafufuze nthawi yaitali. Mwamunayu amagona kwa yani? Mwini nyumbayo ali kuti? Jekete wavalalo si la bambo a Pemphero? Pofika Lachiwiri, mafoni anali ataifikitsa nkhaniyo ku Leeds.

Mkamwini wanga anabwera Lachisanu osanena kuti akubwera. Si munthu waphokoso. Anaima pakhomo kuyang'ana jekete lake lili pachokolekera cha pansi pa masitepe. Tadala anali ku ntchito. Mkamwiniyo anakhala pansi, sanavule nsapato, n'kundifunsa kuti, "Amayi, inu ndi amene mumakhala pano. Mwaonapo chiyani?"

Ndikanati palibe, mwana wanga ndi woyera, nkhaniyo ikanafera pomwepo, chifukwa ankadziwa kuti ine sindiphonya kanthu. Koma ndinayankha mmene ndimayankhira zinthu zonse. Ndinati, "Sindinaone kanthu. Koma maso anga sanapume chibwerere bamboyu." Ndinaona nkhope yake ikusintha. Mawu amenewo ndi anga, palibe amene anandiikira m'kamwa.

M'mawa mwake ndinawapeza a Daka kukhitchini akusita mipango yawo. Anali ataimirira kale, ndiye anangoweramitsa mutu. Mkamwini anali pabalaza, chitseko chili chotsegula.

"A Daka, tchulani dzina."

"AMlonda, nyimbo ija ni yakudala. Mwine wake anafa zaka mazana."

"Ndiye nenani pano, mkamwini wanga akumva, kuti mumangoimba zam'buku. Kuti palibe mkazi."

Anaika simbi pansi, anavula magalasi. Ndinawapatsa njira yotulukira, yotakata, ndipo mwamuna wina aliyense akanadutsamo akuthamanga.

"Izo siningakambe," anatero. "Ningakhale nanama. Alipo."

"Ndi mwana wanga?"

"Si Tadala. Tadala ni mwana wanga naine."

"Ndiye ndani?"

"Nikamutchula, ichi chamene chagwera mwana wanu chizagwera mwana wa wina. Ndipo uja saziwa kanthu. Sin'nakambepo naye kupitirira moni."

"Mwana wa wina si wanga."

"Niziwa, aMlonda. Iyo ni nchito yanu. Yanga ni iyi."

Anachoka masana omwewo. Palibe anawathamangitsa ndi mawu. Anamaliza kusita, anapinda mipango, anatsika ndi sutikesi ndi jumbo ya makope. Pachokolekera paja anaima pang'ono, n'kudutsa. Anatuluka ndi kajekete ka suti kaja, mwezi wa Febuluwale, mphepo ikuchokera kumtsinje. Pawindo la kukhitchini pamaoneka pokwerera basi. Mabasi a kwathu kuno amachedwa, ndipo tsiku limenelo inachedwa kwambiri. Ndinawaona akusintha sutikesi dzanja ili ndi ili, akuika dzanja lopumalo m'khwapa. Jekete linali masitepe asanu kuchokera pamene ndinaima. Sindinalitenge.

Kuchokera pamenepo sanabwerenso kumpingo wa ku Barking. Ndinkati ndi manyazi. Sanaimbenso pagulu paliponse. Anakhala kwa banja lina ku Edmonton, ndipo patapita nthawi khonsolo ya mzinda inawapatsa kafulati ka chipinda chimodzi, khomo lawo loyamba chibadwire. Anatumiza uthenga kudzera kwa Tadala kuti akauze aMlonda kuti woyendayenda wapeza pokhala, ndipo hita yake ndi yoyatsa yekha. Sindinayankhe. Anakhalamo nyengo ziwiri zozizira.

Banja la mwana wanga silinathe, koma silinabwererenso pamene linali. Bambo a Pemphero anasiya ntchito ya ku Leeds n'kupeza ina kuno, anthu n'kumati ndi chikondi. Ine ndimaona mmene amayang'anira wotchi Tadala akachedwa ku shifiti. Tadala anatha miyezi osandilankhula kupatula za mwana ndi za chakudya. Kumpingo amayi ena mpaka lero amati akamuona akulowa, amatsitsa mawu.

A Daka atagonekedwa m'chipatala chomwe chija ankakankhamo mabedi, anaitanitsa ine. Osati abusa, osati Tadala. Ndinakwera basi, sitima, sitima ina, njira yonse ndikudzifunsa kuti akufuna chiyani. Ndinafika nthawi ya masana yoonera odwala. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku. Nditalowa anagwira zitsulo za bedi kuti adzuke. Ndinati khalani, musandichititse manyazi.

Anandiuza kuti m'nyimbo zija alonda alipo a mitundu iwiri. Ena amaona n'kukanena. Ena amaona zonse, n'kusunga. Anati atopa kulinyamula okha dzina lija, ndipo ngakhale nyimbo imati afa nalo, aona kuti si bwino kuti mkazi akondedwe zaka zonsezo popanda munthu mmodzi wamoyo wodziwa. Ndinafunsa kuti bwanji ine, mwa anthu onse.

"Mu London muno ndimwe mweka simuuza munthu chilichonse," anatero. "Simukhulupirira na mmozi. Ningasunge kuti kwina?"

Anaseka mpaka anatsokomola. Kenako anandikodola, ndinawerama, analinena. Mayiyo ndimamudziwa. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti kusiya kubwera ku Barking sanali manyazi. Kumeneko ndi kokhako ankamuonera, Lamulungu ndi Lamulungu, ndipo anadzimana moni uja kuti maso a anthu asatsatire maso awo.

"Funso lanu lija la pa mbatata," anatero, "sin'napeze yankho. Sanafunsidwe. Tadala naye sanafunsidwe. N'nalakwa kuimba." Kenako anati, "Dzina nakupasani, ni lanu manje. Mukafuna kuyeretsa nalo mwana wanu, yeretsani. Siniza kuzengani mlandu."

Anamwalira patatha masiku anayi.

Musaganize kuti ndinangowakhulupirira chifukwa anali pafupi kufa. Odwala amanamanso. Ndinamuyang'anira mayiyo miyezi ingapo, monga ndimadziwira kuyang'anira. Sindinena mbali imene amakhala mu holo, kaya ndi wa dziko liti, kaya ali ndi ana angati. Ndingonena kuti zimene nyimbo ija inkanena za kayendedwe kake ndinaziona, ndipo iye sadziwa kanthu. Pamaliro analira monga analirira wina aliyense, osapitirira. Ndimamudziwanso mwamuna wake. Ameneyo dzinali litamveka sangakhale pansi ndi nsapato kuphazi n'kufunsa mofatsa ngati mkamwini wanga. Ndinaonapo mayiyo atavala magalasi akuda tsiku lopanda dzuwa, kubisa diso lotupa.

Titabwerako kumanda, bambo a Pemphero anandipeza kukhitchini. Ankadziwa kuti ndinapita kuchipatala.

"Anakuuzani, eti amayi?"

"Anandiuza. Si Tadala. Ndikulumbira pa manda a amayi anga."

"Ndiye ndani?"

Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Dzinalo linali palilime. Ndi lalifupi. Ndikanalinena, madzulo omwewo mwana wanga akanayenda mutu uli m'mwamba.

"Mwana wa wina," ndinatero.

"Ndiye tikadali pomwe paja," anatero, n'kutuluka.

Tikadali pomwepo. Masiku ena ndimadzuka nditatsimikiza kuti lero ndinena, chifukwa mwana ndi wanga ndipo amene anathira mafuta pamotowo ndi ine. Ndiye likafika Lamulungu ndimamuona mayi uja akulowa, akupereka moni kwa aliyense mofanana, ndipo ndimameza. Sindikudziwa ngati a Daka anandipatsa mphatso kapena anandibwezera. Mwina zonse ziwiri. Anali munthu wofatsa, koma sanali wopusa.

Makope awo anandisiyira ine, asanu ndi anayi, m'jumbo yomwe ija. Ndinawerenga tsamba lililonse, poti ndi khalidwe langa. Nyimbo za mkulu wawo uja zilimo, chijeremani kumanzere, chinyanja kumanja, zofufutafufuta. Cha kumapeto kuli zina zimene kumanzere kulibe kanthu. Zimenezo ndi zawo. Paliponse pamene pakanakhala dzina anasiya mpata, waukulu ngati chala chimodzi.

Jekete likadali pachokolekera cha pansi pa masitepe. Mwini wake salivala. Tadala salichotsa, chifukwa akalichotsa zioneka ngati pali chimene akubisa. Ine ndimalikuntha fumbi n'kulibwezera. Kachipinda kaja sitinaikemonso munthu, timayanikamo zovala mvula ikamagwa. Pakhoma pali mzere wakuda pamene mpando wawo unkakhudza akatsamira polemba, ndipo pawindo, ukasuzumira pakati pa mafulati awiri, kachidutswa ka mtsinje kamaoneka. Sitepe yachisanu ndi chiwiri imalirabe. Ndi imene inkandiuza kuti atsika. Ndimakwera ndi dengu la zochapa, ndimakankha chitseko ndi phewa, ndimalowa. Palibe amene amaimirira.